Chinyezi ndi Zoimbira: Mbiri ya Piyano Yodziimba Yokha ndi Ng'oma za m'Makomboni a Lusaka

Phunziro lathu la mbiri lero likunena za chinthu chimene sitichiona ndi maso, koma chimene chasautsa oimba ndi amisiri a zoimbira kwa zaka zambirimbiri. Chinthucho ndi chinyezi cha mumpweya. Tiyamba ndi makina a nyimbo amene anapangidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo pambuyo pake tibwerera kwathu kuno, ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Tiona kuti vuto limene linazunguza mitu amisiri akutali aja ndi lomwelo limene woimba ng'oma wa m'komboni amalimbana nalo chaka ndi chaka.

Choyamba timvetse kuti chinyezi n'chiyani. Mpweya umene timapuma umanyamula madzi osaoneka, onga nthunzi yochokera mumphika. Akatswiri a zanyengo amayeza madzi amenewa m'magawo a pa 100. Mu Lusaka, m'mwezi wa Januwale mvula ili pakati, chinyezi chimapitirira magawo 75, koma m'chilimwe, cha m'Seputembala ndi Okutobala, chimatsika kufika pansi pa magawo 50. Zinthu zochokera ku zomera ndi ku nyama, monga mtengo, pepala, nsalu ndi chikopa, zimamwa madzi amenewa ndi kufufuma, ndipo mpweya ukauma zimawalavula ndi kubwerera m'chimake. Ndicho chifukwa chake chitseko chamatabwa chimathina m'dzinja, pamene m'chilimwe chimatseguka mosavuta.

Kale, mawailesi ndi magalamafoni asanabwere, munthu wofuna kumva nyimbo anayenera kuimba yekha kapena kuitana woimba. Amisiri a ku Ulaya anafunafuna njira yoti nyimbo isungike m'makina, ndipo anapanga limba lopukusa ndi dzanja. M'kati mwake munali chipika chamtengo chobulungira, chokhomedwa timisomali tambirimbiri. Chipikacho chikamazungulira, kamsomali kalikonse kankatsegula chitoliro chake, nyimbo n'kumveka. Anthu osauka ankayenda nawo malimba otere m'misewu ya London ndi Paris kuti apeze ndalama. Koma chipika chikapindika chifukwa cha chinyezi, timisomali tina tinkaphonya malo ake, ndipo nyimbo inkatuluka yoduka mawu. M'chaka cha 1892, Anselme Gavioli wa ku Paris anabweretsa njira yatsopano: nyimbo zinkaboolezedwa pa makatoni opindapinda onga buku, kotero limba limodzi linkatha kuimba nyimbo zazitali ndi zambiri.

Ku America, mumzinda wa Detroit, Edwin Votey anapanga makina oimbitsa piyano m'chaka cha 1895, ndipo kampani ya Aeolian inayamba kuwagulitsa m'chaka cha 1898 pa dzina loti Pianola. Posakhalitsa makinawo analowetsedwa m'kati mwa piyano yeniyeniyo. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere. Munthu ankaponda zopondera ziwiri, ndipo zoponderazo zinkakoka mivukuto yonga ya wosula makasu, kusiyana kwake n'kwakuti mivukuto iyi inkayamwa mpweya m'malo moupemerera. Nyimbo inali pa mpukutu wa pepala lobooledwa, umene unkadutsa pamwamba pa kachitsulo ka timabowo. Bowo la papepala likakumana ndi bowo la pakachitsulo, mpweya unkalowa, kamvukuto kakang'ono kankatsekeka, ndipo kanyundo kankamenya nsambo ya liwu limenelo. Motero ngakhale mwana wosadziwa kuimba ankatha kuimbitsa nyimbo yovuta ndi mapazi okha.

M'chaka cha 1908, opanga mipukutu anakumana mumzinda wa Buffalo ndi kugwirizana za miyeso ya mipukutu. Mpukutu wa mtundu watsopano unayenera kukhala wa mainchesi 11 ndi kota m'lifupi, ndiye kuti pafupifupi masentimita 28 ndi theka, wonyamula maliwu 88, mabowo 9 pa inchi iliyonse. Ana inu, tawerengerani: kuchokera pa bowo limodzi kufika pa linzake panali mamilimita osakwana 3. Pepala lotere likafufuma ndi gawo limodzi lokha pa 100, lifupi lake limawonjezeka ndi pafupifupi mamilimita 3 omwewo. Apa mabowo a m'mphepete ankaphonya malo ake, piyano n'kuimba liwu lolakwika kapena kukhala chete. M'mbali mwa pepala lofufumalo munkakhuzika ndi kung'ambika. Mpweya ukaumitsitsa panali vuto lina: pepala linkathetheka, zikopa za mivukuto zinkachita ming'alu, matabwa ankalekana molumikiza, mpweya n'kumathawa, woponda n'kumangotopa pachabe. N'chifukwa chake okonza mapiyano mpaka lero amalangiza kuti chinyezi cha m'chipinda chizikhala pakati pa magawo 40 ndi 50.

Mapiyano odziimba okha anagulidwa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, koma wailesi ndi galamafoni zinawalanda malo, ndipo mavuto azachuma a m'chaka cha 1929 anagwetsa makampani ambiri owapanga. Anali katundu wodula, wa m'nyumba za anthu opeza bwino. Choimbira cha mtundu wa mivukuto chimene makolo athu anachidziwa chinali limba lopondaponda la m'tchalitchi, limene amishoni anabwera nalo. Limbali silinkadziimba lokha, koma matenda ake anali omwewo. M'dzinja makiyi ake amtengo ankafufuma ndi kukanirira pansi, liwu limodzi n'kumangolira osaleka pakati pa nyimbo, ndipo nsalu za mivukuto yake zinkachita chuku.

Tsopano tibwerere kwathu. Lusaka anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1935, m'malo mwa Livingstone. Anthu anabwera kuchokera ku Chipata, Katete, Petauke, ku Malawi ndi kumadera ena kudzafuna ntchito. Nyumba za ku Matero zinamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950, koma sizinakwanire onse, kotero ambiri anadzimangira okha ku Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga. Ku Mtendere anthu anapatsidwa malo omangapo ufulu wa 1964 utabwera kale. Lamulo la m'chaka cha 1974 ndi limene linatsegula njira yoti makomboni odzimangira avomerezedwe ndi kukonzedwa, ndipo George ndi Chawama anali pakati pa oyamba kulandira mipope ndi misewu. Komabe dera la Kanyama ndi lachidikha, ndipo pansi pake pali mwala wa laimu umene umasunga madzi pafupi ndi nthaka. Mvula ikachuluka madzi amatumphuka pansi, monga zinachitikira m'chaka cha 1978 pamene nyumba zambiri zinagwa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'nyumba ya m'dera lotere, ngakhale madzi asalowe pakhomo, makoma amazizira, simenti imatuluka thukuta, ndipo chilichonse choikidwa pansi chimanyowa.

Anthu obwera m'makomboni sanasiye nyimbo zawo kumudzi. Anabwera ndi ng'oma za Chimtali ndi za Gule Wamkulu, monga mbalule ndi mpanje, anabwera ndi kalimba, ndipo anyamata ankadzipangira mabanjo ndi matabwa, zitini ndi mawaya. Woimba ng'oma aliyense amadziwa kuti m'dzinja, kapena usiku mame akagwa, chikopa chimakhwefuka, ng'oma n'kumalira mogonthera. Mankhwala ake ndi akalekale: asonkha kamoto ka udzu kapena mapepala, ayandikiza nkhope ya ng'oma, akuigogoda pang'onopang'ono ndi kumvetsera mpaka liwu litakwera pamene akulifuna. Moto umachotsa madzi m'chikopa, chikopacho n'kukungika. Akapitiriza muyeso chimang'ambika, ndipo luso lonse lili podziwa nthawi yoichotsa. Pofuna liwu lakuya, amamata phula pakati pa chikopa.

Pali chinthu chimodzi chodabwitsa chimene aphunzitsi angafunse ana m'kalasi. Chinyezi chimatsitsa liwu la ng'oma, koma chimakweza liwu la piyano. Chifukwa chake n'chotani? Pa ng'oma, chimene chimamwa madzi ndi chikopa chenichenicho chimene chimalira, ndipo chikakula chimakhwefuka. Pa piyano, nsambo ndi zachitsulo ndipo sizimwa madzi. Chimene chimafufuma ndi thabwa lalikulu lokuza mawu limene nsambozo zatsamirapo. Thabwalo likafufuma limakankha nsambo, nsambo n'kukungika, liwu n'kukwera. Madzi ndi amodzi, koma zotsatira zake zimasiyana malinga ndi kapangidwe ka choimbira.

Makina oyamba osunga kapena kubweretsa nyimbo amene analowa m'nyumba za m'makomboni anali galamafoni yopukusa ndi wailesi. Kuulutsa mawu kunayamba mu Lusaka m'chaka cha 1941. M'chaka cha 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready ya ku Britain inapanga atailimbikitsa Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la nthawi imeneyo. Inali yooneka ngati poto, yoyendera batire, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Pa wailesi imeneyi anthu anamva mawu a Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi amene anamwalira m'chaka cha 1978. Mbale za galamafoni zozungulira maulendo 78 pa mphindi zinali zosachedwa kusweka, ndipo zikasungidwa ponyowa, zikuto zake zapepala zinkachita chuku chimene chinkalowa m'timizere ta nyimbo. Singano zake zachitsulo zinkachita dzimbiri.

Makaseti, amene anadzaza misika ya Lusaka m'zaka za m'ma 1980 nyimbo za kalindula zili pachimake, nawonso sanapulumuke. Tepi ndi kansalu kapulasitiki komatidwa ufa wa maginito umene umasunga mawu. Pa matepi ambiri, makamaka akuluakulu a m'nyumba zojambulira nyimbo opangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, chomatira ufawo chimamwa chinyezi ndi kuyamba kunanda. Tepi yotere ikaikidwa m'makina imalira mokwekwesa, ufa n'kumatsalira pa zitsulo, ndipo nyimbo imafufutika osabwereranso. Akatswiri amaiumitsa kwa maola ambiri m'chiwiya chapadera chotentha pafupifupi madigiri 50, kenaka amakopera mawuwo msanga pa kompyuta. Nzeru yake ndi yomwe ija ya woimba ng'oma pa kamoto kake.

Nyimbo zimene zinasungidwa pouma ndi kukoperedwa zilipo mpaka lero. Hugh Tracey, amene Alick Nkhata anagwirapo naye ntchito, anajambula nyimbo za makolo m'dziko lino ndi ku Malawi m'zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene kuyambira 1978 ili pa Rhodes University ku South Africa, ndipo kumeneko mawu a oimba amene anamwalira kale akumvekabe. Koma nyimbo za kwaya ya kutchalitchi kwanu, kapena za ukwati wa agogo anu, sizili kumeneko. Ngati zinajambulidwa, zili pa kaseti imodzi yokha, mwina m'katoni pansi pa bedi, pamene chinyezi chimafika poyamba.

Aphunzitsi, nayi ntchito ya sabata ino. Dulani timapepala tiwiri totalika mofanana. Kamodzi mukaike m'chitini chotsekeka pamodzi ndi kansalu konyowa, osakhudzitsa, kena mukasiye pouma, ndipo m'mawa mwake ana ayeze ndi rula ndi kuyerekeza. Ngati pasukulu pali ng'oma, ana amve kulira kwake m'mawa kwambiri, kenaka amvenso itakhala padzuwa kwa kanthawi. Ana inu, mukafika kunyumba funsani makolo ngati ali ndi makaseti, mbale za galamafoni kapena zithunzi zakale. Athandizeni kuzichotsa pansi ndi kuziika pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa ndiponso kutali ndi kutentha kwa malata ndi mbaula. Ng'oma ya sukulu izipachikidwa, isamagone pasimenti. Funsaninso agogo mayina a nyimbo zimene ankaimba atangofika mu Lusaka, ndipo mukazilembe m'kope lanu kuti mudzawerengere anzanu m'kalasi.