Ulendo wa Pamtunda wa Zombo za Panyanja

Munthu akaima pamchenga pa Makokola, kumpoto kwa tauni ya Mangochi, amaona chilumba cha Boadzulu ndi mabwato a asodzi akuyandama pakati pa chilumbacho ndi gombe. Masiku ena amaonanso galimoto ikubwerera cham'mbuyo kutsikira kumadzi, itakoka ngolo imene yanyamula boti la injini. Anthu ambiri amayesa kuti ngozi ya boti ili pamadzi pokha, makamaka mwera ukakalipa. Koma mbiri ya dera limeneli imaphunzitsa zina. Sitima zachitsulo zoyamba kuyenda pa nyanja ya Malaŵi zidayamba zayenda pamtunda, ndipo ulendo wa pamtundawo ndiwo udali wovuta koposa.

Makolo adaidziŵa kale nkhani imeneyi. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato, monga mbaŵa, sinkapezeka pagombe nthaŵi zonse. Mmisiri ankaugwetsa mtengo kutali ndi nyanja ndi kusema bwato komweko. Tsiku lokoka likafika, amuna a m'mudzi ankasonkhana ndi zingwe zolimba, nayala mitengo pansi kuti bwato uzitsetsereka pamwamba pake. Pamalo otsika ena ankatsalira kumbuyo atagwira chingwe, kuwopa kuti bwato ungathamange ndi kukang'ambika pamwala. Ntchito ya miyezi ingapo inkatha kuwonongeka pa kamphindi kochepa. Paja mutu umodzi susenza denga.

Azungu atayamba kufika, adapeza vuto lomwelo, koma lokulirapo. Zombo zochokera kunyanja yamchere zinkakwera mtsinje wa Zambezi ndi kuloŵa mu Shire mpaka kufupi ndi Chikwawa. Kuchokera pamenepo mpaka ku Matope kuli mathithi, monga Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula, amene chombo sichingawadutse. David Livingstone adafika kunyanja wapansi mu September 1859. M'chaka cha 1861 adabweranso ndi boti lopalasa ndi nkhafi zinayi, limene amtengatenga adalisenza kulambalala mathithi onse aja. Botilo lidaloŵa m'nyanja pa 2 September 1861, ndipo lidadutsa m'madzi omwe aŵa a pa Makokola popita ku Cape Maclear ndi kumpoto.

Ataona kuti boti laling'ono latheka, Livingstone adafuna kubweretsa sitima. Adagula ndi ndalama zake sitima yotchedwa Lady Nyassa, imene idafika m'zidutswa m'chaka cha 1862. Chaka chotsatira adaifikitsa kunsi kwa mathithi, nayamba kuimasula ndi kulambula mseu woti zidutswazo zidutsemo. Koma m'chigwa cha Shire mudali njala ndi nkhondo za ogwira akapolo, kotero kuti anthu ogwira ntchito ndi chakudya chomwe zidasoŵa. Ntchito isanapite patali, boma la Britain lidamuitana kuti abwerere. Sitima ija idaoloka nyanja yamchere mpaka ku Bombay m'chaka cha 1864, koma madzi a nyanja imene adaipangira sidawalaŵe. Idapambana mafunde, nilephera mtunda.

Patapita zaka khumi ndi chimodzi, m'chaka cha 1875, gulu la mishoni ya Livingstonia, lotsogozedwa ndi E. D. Young ndipo m'menemo muli Dr Robert Laws, lidafika ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Iwo adaimasula kunsi kwa mathithi, ndipo mafumu a Amakololo adawapezera amtengatenga pafupifupi 800. Anthuŵa adasenza zitsulo pamutu ndi pamapeŵa, m'njira zamiyala, dzuŵa lili phwe, malipiro ao ali nsalu. Chimene mbiri imachikumbukira n'chakuti palibe chidutswa n'chimodzi chomwe chimene chidasoŵa. Sitimayo adailumikizanso kumtunda kwa mathithi, idadutsa pamudzi wa Mfumu Mponda, niloŵa m'nyanja pa 12 October 1875. Imeneyi ndiyo idali sitima yoyamba yoyendera nthunzi panyanjayi.

Nkhani ya Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya U.M.C.A., ndiyo imafika pafupi kwambiri ndi ngolo za masiku ano. Adaipanga ku Glasgow m'chaka cha 1899, naitumiza m'zidutswa 3,481. Koma chithini chophikira nthunzi, cholemera matani 11, sichikadatheka kuchigaŵa. Adachikweza pa ngolo ya magudumu achitsulo, ndipo Angoni 450 adachikoka ndi zingwe mtunda wa mamailosi 64, kuyenda mamailosi atatu okha patsiku. Chidafika bwino. Vuto lidatulukira pena: manambala amene adalemba pa zidutswa adakwiririka pamene ankazikuta ndi chitsulo cha zinki choteteza dzimbiri, ndipo amisiri adavutika kudziŵa kuti ichi chiloŵa pati. Sitimayo adailumikizira kwa Mponda, ndipo idatsikira m'madzi pa 6 June 1901. Katundu wolemera adafika chifukwa cha kudekha. Kanthu kakang'ono kamene sadakaganizire ndiko kadachedwetsa ntchito.

Njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima m'chaka cha 1935, mapeŵa a amtengatenga adapumula. Ilala yachiŵiri, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'chaka cha 1949, idabwera m'zidutswa pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Beira mpaka ku Chipoka. Adailumikizira ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda m'chaka cha 1951.

M'zaka zotsatira kudafala injini zazing'ono zopachika kumbuyo kwa boti. Asodzi a chilimira adayamba kuziika pa maboti a matabwa, onga amene amakhomedwa pa Mpwepwe, kufupi ndi Makokola, pamene palinso sukulu ya zausodzi. Anthu a m'mizinda nawonso adayamba kubwera ndi maboti ao oŵedzera, ena ali ndi kainjini kachiŵiri koyendera batire, kamene kamayendetsa boti mwakachetechete kuti nsomba zisathaŵe. Wochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, kuoloka Shire pa Liwonde, ndi kudutsa pa Ulongwe. Wochokera ku Lilongwe akhoza kutsika mseu wokhotakhota wa ku Golomoti. Ulendo umene unkatenga milungu tsopano umatenga maola oŵerengeka, koma liŵirolo labweretsa ngozi zake. Walira mvula walira matope.

Phunziro loyamba la mbiriyi ndi la kulemera. Injini imakhala kumbuyo kwenikweni kwa boti, ndipo katundu akachuluka kumbuyo kwa magudumu, ngolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku mpaka kuigwetsa galimoto. Odziŵa ntchitoyi amati pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse liyenera kutsamira pa cholumikizira ngolo ndi galimoto. Choncho batire, mafuta ndi nangula aziikidwa chakutsogolo, atamangidwa. Munthu asakwere m'boti limene likukokedwa pamseu.

Phunziro lachiŵiri ndi la zingwe. Boti limangidwe kumutu ndi kumbuyo komwe, kuti lisadumphe pa mabampu. Pakhale maunyolo aŵiri opingasa kunsi kwa cholumikizira, kuti chikamasuka, ngolo igwere pa maunyolowo m'malo mokumba mseu kapena kuthamangira anthu. Injini yaikulu aidzutse pang'ono ndi kuichirikiza, kuti mwendo wake usagunde pansi ndiponso kuti kulemera kwake kusang'ambe thabwa la kumbuyo. Kainjini ka batire akachotse, kapena akamange kolimba ndi kuchotsa mawaya ake, chifukwa kakagwa kapena kuyaka panjira sikachedwa kuthyoka. Msodzi wonyamula injini pa lole kapena pa matola naye asamale: injini za mtundu wosunga oyilo pakepake ziyenera kugonekedwa mbali imene opanga adalamula, apo ayi oyilo amaloŵa m'malo osayenera.

Phunziro lachitatu ndi la kudekha. Galimoto yokoka ngolo siima msanga. Potsika phiri woyendetsa aike giya yaing'ono, monga muja makolo ankagwirira chingwe kumbuyo, osadalira mabuleki okha, poti amatentha ndi kuleka kugwira. M'mseu wa ku Mangochi mumayenda njinga zambiri, ana a sukulu, mbuzi ndi anthu a pamisika. Pokhota, ngolo imadula ngodya kuposa galimoto, ndipo ikhoza kukoloŵeka wanjinga amene woyendetsa akuyesa kuti wamupitirira kale. N'kwabwino kuima ulendo utangoyamba, ndi kuimanso kangapo panjira, kuona zingwe, matayala ndi magetsi a kumbuyo.

Phunziro lomaliza ndi la tinthu ting'onoting'ono, tonga manambala a Chauncy Maples. Wofika pagombe asathamangire kuloŵetsa ngolo m'madzi. Zitsulo za pakati pa magudumu zimakhala zitatentha, ndipo zikazizira mwadzidzidzi zimayamwa madzi amene amawononga girisi. Pobwerera gudumu likhoza kuguluka. Adikire zizizire, uku akuona ngati chotsekera kabowo kotulutsira madzi m'boti chili m'malo mwake. Potuluka m'madzi achotse zomera zonse zokoloŵekera ku boti ndi ku ngolo, chifukwa namasupuni, amene wasautsa mtsinje wa Shire, amatha kufalikira kumadzi ena m'njira yotereyi.

Kwa msodzi wa ku Makokola, ku Malindi kapena ku Msaka, boti ndi injini ndi chuma chimene banja lidasonkhera zaka zambiri, mwinanso ndi ngongole imene sinathe kubwezedwa. Kuchitaya pamseu n'kutaya chakudya cha ana, ndipo ngolo yomasuka ikhoza kuchotsa moyo wa munthu amene sadaionepo nyanja. Amtengatenga a 1875 ndi Angoni okoka chithini chija maina ao ambiri sadalembedwe, koma adafikitsa katundu wao wathunthu popanda galimoto, popanda tala. Amene ali ndi zonsezi lero alibe chowiringula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.