Eni Bwalo ndi Alendo: Mkangano wa Osewera Magemu

Mu Novembala 2018, mumzinda wa Anaheim ku California, kampani ya Blizzard inasonkhanitsa okonda magemu ake pamsonkhano wapachaka wotchedwa BlizzCon. Ambiri mwa amene anadzaza holoyo ankayembekezera kumva za Diablo watsopano wa pakompyuta. Chimene anamva n'chakuti gemu yatsopanoyo, Diablo Immortal, idzakhala ya pafoni. Wina anaimirira n'kufunsa ngati imeneyi inali nthabwala ya pa 1 Epulo imene yabwera pa nthawi yolakwika. Atauzidwa kuti panalibe malingaliro oibweretsa pa kompyuta, anthu anakuwiza, ndipo mmodzi wa otsogolera ntchitoyo, Wyatt Cheng, anafunsa modabwa ngati anthuwo analibe mafoni. Mafoni anali nawo ndithu. Chinawawawa n'chakuti foni ndi chida cha aliyense.

M'Chingerezi magulu awiriwa amatchedwa hardcore ndi casual. Oyambawo ndi akatakwe, anthu ogula makina okwera mtengo ndi kuchezera usiku wonse pa gemu imodzi mpaka ataidziwa ngati njira ya kumunda kwawo. Enawo ndi osewera mongotayitsa nthawi, podikira basi kapena ndiwo zili pamoto. Akatakwe amadziona ngati eni bwalo, ndipo enawo amawayesa alendo. Mbiri sigwirizana nawo kwenikweni.

Magemu oyambirira anali a anthu odutsa. Mu 1972 kampani ya Atari inaika makina a Pong m'nyumba yomwera mowa ku Sunnyvale, ndipo posapita nthawi makinawo anasiya kugwira ntchito chifukwa ndalama zachitsulo zinadzaza kabokosi. Oponya ndalamazo anali anthu wamba obwera kudzamwa. Pac-Man wa 1980 anapangidwa ndi Toru Iwatani, amene ankafuna gemu yokopa akazi m'malo amene munadzaza magemu owombera. Tetris, imene Alexey Pajitnov anaipanga ku Moscow mu 1984, itaikidwa pa Game Boy mu 1989 inaseweredwa ndi ana, makolo ndi apaulendo omwe. Mmenemo mwini bwalo panalibe.

Mpanda unamangidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo amalonda ndiwo anabweretsa udzu ndi nsichi. Sega, polimbana ndi Nintendo, inkatsatsa malonda ake kwa anyamata ofuna kuoneka aakulu, ndipo inkanyoza mnzakeyo ngati wopanga zidole za ana. Street Fighter II wa 1991 ankafuna zala zophunzira, Mortal Kombat wa 1992 ndi Doom wa 1993 anabweretsa magazi. Chida chogwira m'manja nacho chinakula: cha Nintendo cha m'ma 1980 chinali ndi mabatani awiri osewerera ndi kamtanda kolozera njira, pamene cha PlayStation 2 chinali ndi mabatani oposa khumi ndi timitengo tiwiri. Munthu wongoyamba akachigwira ankachibweza mwamanyazi. Manyazi akewo ndiwo anasanduka ulemerero wa wodziwa.

Amene anaona ngozi pamenepa ndi Satoru Iwata, yemwe anakhala mtsogoleri wa Nintendo mu 2002. Iye ankati ngati magemu apitiriza kuvuta, osewera azicheperachepera mpaka malonda atafa. Anatulutsa Nintendo DS mu 2004, yoseweredwa ndi kandodo kokhudzira galasi, ndipo pa iyo panabwera magemu osamalira galu ndi ochangamutsa ubongo wa achikulire. Mu Novembala 2006 panabwera Wii. Mphamvu zake zinali zochepa poyerekeza ndi PlayStation 3 ndi Xbox 360, koma munthu ankangogwedeza dzanja ngati akumenya mpira wa tenesi, basi wasewera. Agogo m'nyumba zosungira okalamba anayamba kupikisana. Makina oposa 100 miliyoni anagulidwa.

Akatakwe anadzimva ngati mwana woyamba amene waiwalika chifukwa cha khanda. Pa chionetsero cha E3 cha 2008, Nintendo inathera nthawi yake kuonetsa Wii Music, akuluakulu a kampani akuimba ng'oma ndi malipenga osaoneka, pamene okonda Mario ndi Zelda ankadikira pachabe. Mkwiyo unakula mpaka Iwata anapepesa. Dandaulo lawo silinali lachibwana lokhalokha. Ndalama zikapita ku magemu osavuta, magemu ozama amachepa, ndipo masitolo anadzazadi ndi timagemu ta Wii topangidwa mothamanga. Koma m'dandaulomo munalinso kunyoza, kumene kawirikawiri kunkagwera amayi ndi okalamba, ngati kuti chisangalalo chawo n'chonama.

Pajatu akuluakulu anati mlendo ndi mame. Wii U itatuluka mu 2012 inagulidwa makina osafika 14 miliyoni. Khamu lija silinasiye kusewera, linangosamukira m'thumba: iPhone inali itabwera mu 2007, Angry Birds ndi FarmVille ya pa Facebook mu 2009, Candy Crush Saga mu 2012. Kuno kwathu ambiri analowera khomo lomweli kale, pa kanjoka ka m'mafoni a Nokia, asanaonepo n'komwe PlayStation ya m'tizipinda tolipiritsa ta m'misika.

Nawonso akatakwe anapeza linga lawo. Dark Souls wa 2011, wa kampani ya FromSoftware ya ku Japan, anatchuka chifukwa chosamvera chisoni wosewera. Sekiro atatuluka mu 2019, mkangano unabuka woti kodi gemu yotere iyenera kukhala ndi njira yofewa. Ena ankati kuvutako ndiko mtima wa gemuyo. Ena, kuphatikizapo osewera olumala manja, ankafunsa kuti njira yofewa ikulanda chiyani kwa munthu amene sadzaisankha.

Pamene khamu la ku Anaheim linkakuwiza, nkhani inali itagamulidwa kale m'mabuku a ndalama. Mu 2016 Activision Blizzard, kholo la Blizzard yomweyo, inagula King, kampani ya Candy Crush, pa madola 5.9 biliyoni. Ndipo maina awiri aja anali atayamba kusokonekera. Mayi wosewera Candy Crush tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu, wodutsa makwerero mazanamazana, n'kovuta kumutcha wongodutsa. Magemu a pafoni amatsitsidwa mwaulere koma amagulitsa zinthu zam'kati, ndipo gawo lalikulu la phindu limachokera kwa anthu ochepa owononga ndalama zochuluka, odzipereka kuposa akatakwe ambiri.

Diablo Immortal inatuluka mu Juni 2022, pa foni ndiponso pa kompyuta, popeza Blizzard inadzasintha maganizo. Akatakwe anaidzudzula koopsa chifukwa cha ndalama zimene inkafuna kuti munthu alimbitse msilikali wake. Pasanathe miyezi iwiri inali italowetsa madola oposa 100 miliyoni.