Women's Rights Law Reporter: magazini ya zamalamulo yoyendetsedwa ndi ophunzira

Women's Rights Law Reporter ndi magazini ya zamalamulo imene imatuluka ku sukulu ya malamulo ya yunivesite ya Rutgers, mumzinda wa Newark, m'chigawo cha New Jersey ku America. Imalemba za ufulu wa amayi ndi momwe malamulo amaonera mwamuna ndi mkazi pa ntchito, m'banja komanso pa chuma. Mwa magazini a mtunduwu ku America, iyi ndiyo yakale kuposa onse.

Anaiyambitsa ndi mayi Ann Marie Boylan m'chaka cha 1970, ndipo mu 1972 inakhazikika ku Rutgers m'manja mwa ophunzira. Mlangizi wawo woyamba anali mayi Ruth Bader Ginsburg, omwe panthawiyo ankaphunzitsa pa sukuluyi. Mayi Ginsburg anadzakhala woweruza wa Khothi Lalikulu la America kuyambira mu 1993 mpaka pomwe anamwalira mu 2020.

Kuti timvetse chifukwa chomwe magaziniyi inali yofunika, tione mlandu wa Reed v. Reed wa mu 1971. Mnyamata wina wa ku Idaho anamwalira makolo ake atapatukana kale. Mayi ake, Sally Reed, komanso bambo ake, aliyense anapempha kuti akhale woyang'anira chuma cha malemuyo. Lamulo la Idaho linkati pakakhala mwamuna ndi mkazi a ubale wofanana ndi womwalirayo, asankhidwe mwamuna basi. Nkhani sinali ya kukula kwa gawo la aliyense ayi, koma ya yemwe asunge katunduyo ndi kumuyendetsa. Mayi Ginsburg anathandiza kulemba mfundo za Sally Reed, ndipo oweruza onse a Khothi Lalikulu anagwirizana kuti lamulolo linali losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Aka kanali koyamba kuti khothili lithetse lamulo chifukwa chosala akazi. Ife amene taonapo mikangano ya chuma cha masiye sitingadabwe kuti zinayambira pamenepa. Milandu yotere itayamba kuchuluka, maloya anafunika malo amodzi oiwerengera ndi kuiunika.

Nanga ophunzira amayendetsa bwanji magazini? Ku America maphunziro a malamulo amatenga zaka zitatu, ndipo munthu amawayamba ali kale ndi digiri ina, choncho si ana. Iwo ndi amene amasankha nkhani zomwe aphunzitsi ndi maloya atumiza, kenako amafufuza mlandu uliwonse ndi buku lililonse lomwe mlembi watchula, kuona ngati likunenadi zimenezo. Ntchito yotopetsa imeneyi ndiyo imapatsa magazini ulemu. Akonzi amasintha chaka ndi chaka pamene ena akumaliza sukulu.

Si onse amakondwa nazo. Woweruza Richard Posner anadzudzulapo mchitidwe woti ophunzira aziweruza zolemba za akatswiri owaposa. Tikuona kuti mfundo yake ili ndi nzeru, ngakhale kuti sukulu zina zinatsatirabe njira ya Rutgers: ophunzira a ku Harvard anayambitsa yawo mu 1978, yomwe lero imatchedwa Harvard Journal of Law & Gender.