Kusambira ku Kabwe: Zoyenera Kudziwa Makolo a ku Katondo

Nyengo yotentha ikafika mu September ndi October, ana ambiri a m'makomboni a mzinda wa Kabwe amathamangira kumadzi kukasambira. Koma si madzi onse amene ali abwino.

Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe, womwe kale unkatchedwa Broken Hill, unagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 90 kufikira pamene unatsekedwa mu 1994. Mtovu sunachoke m'dothi. Ngalande yomwe inkatulutsa madzi a kumgodi imadutsa kufupi ndi makomboni a Chowa ndi Katondo, ndipo matope ake ali ndi mtovu. Mu 2006 bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pa mndandanda wa malo 10 oipitsidwa kwambiri pa dziko lonse.

Mtovu umalowa m'thupi makamaka kudzera m'kamwa ndi m'mphuno. Mwana akamasambira amameza madzi amatope, ndipo akatuluka amadya asanasambe m'manja. Mtovu umachepetsa magazi ndi kuononga ubongo umene ukukula, kotero mwana amavutika kuphunzira ngakhale akuoneka wathanzi. Kuyezetsa magazi kuchipatala ndiyo njira yodziwira.

M'madamu ndi m'madambo monga Mulungushi ndi Lukanga, vuto lina ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odikha ndipo timaboola khungu. Chizindikiro chodziwika ndi magazi mumkodzo. Mankhwala a praziquantel amachiza matendawa.

Ngozi yofulumira kuposa zonse ndi kumira. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 300,000 anamira mu 2021. Maenje okumbidwa mchenga kapena miyala amadzaza mvula ikagwa, ndipo kuya kwake sikuoneka. Mwana amamira mwakachetechete, osakuwa.

Choncho ana asasambire m'ngalande ya kumgodi kapena m'maenje, ndipo asapite kumadzi popanda wamkulu wowayang'anira. Akulu asasambire ataledzera. Ngakhale m'malo osambiramo a kumahotela, madzi amene pansi pake sipakuoneka ndi oyenera kupewa, ndipo wotsegula m'mimba asalowemo.

Wina akamamira, amponyere chingwe, ndodo yaitali kapena chigubu chotseka, m'malo momudumphira. Akavuulidwa apite naye kuchipatala msanga, ngakhale atatsitsimuka.