Tchuthi cha matenda ndi chuma cha pakhomo ku Dedza

Tchuthi cha matenda ndi nthawi imene wogwira ntchito amaloledwa kukhala kunyumba kapena kuchipatala chifukwa chodwala, ntchito yake ikumudikira. Pa nthawiyi ndalama zolowa pakhomo zimachepa pamene zofunika kulipira zikuchuluka. M'boma la Dedza, momwe munali anthu oposa 830,000 pa kalembera wa 2018, vutoli limakhudza olembedwa ntchito komanso alimi, amene alibe tchuthi cholipidwa.

Zimene lamulo limanena

Ndime 46 ya lamulo la Employment Act la 2000 imati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda chaka chilichonse: masabata 4 akulandira malipiro onse, ndi masabata ena 8 akulandira theka. Wodwalayo ayenera kupereka kalata ya dokotala wovomerezeka. Uwu ndi mlingo wotsikitsitsa, ndipo wolemba ntchito akhoza kupereka zoposa apa. Lamulo lomweli limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa chakuti wajomba kwa kanthawi atadwala kapena kuvulala. Madandaulo amapita ku ofesi ya zantchito ya paboma, ndipo akakanika kumeneko amafika ku khoti la Industrial Relations Court. Wovulalira pantchito amathandizidwa ndi lamulo lina, la Workers' Compensation Act, lomwe limanena za chipukutamisozi.

Mmene ndalama zimachepera

Munthu akatha masabata onse 12, amakhala atalandira malipiro a masabata 8 okha. Mwachitsanzo, wolandira K200,000 pamwezi amatsikira pa K100,000 m'mwezi wachiwiri ndi wachitatu, koma lendi, fizi ndi ngongole yodulidwa kumalipiro sizitsika. Mitengo ya zinthu nayo inakwera ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chipatala chachikulu cha boma ku Dedza sichilipiritsa, pamene zipatala za mishoni monga cha Mua zimalipiritsa. Komabe ngakhale kuchipatala chaulere banja limawononga ndalama pa kabaza kapena minibasi, pa chakudya cha wodwazika matenda, ndi pa mankhwala ogula kufamase akasowa kuchipatala. Wodwala akatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza boma, zonsezi zimakwera. Wodwazikayo nayenso amasiya geni kapena munda wake, kotero banja limataya manja a anthu awiri nthawi imodzi.

Alimi ndi aganyu

Anthu ambiri a kumapiri a Dedza, monga ku Bembeke, amadalira ulimi wa mbatata ya kachewere, nyemba, chimanga ndi ndiwo zamasamba. Kwa iwo kukula kwa vuto kumatengera nyengo imene matenda abwera. Kachewere amafuna feteleza ndi mankhwala opopera chiwawu pa nthawi yake, ndipo mlimi akagona masabata angapo m'dzinja zokolola zimachepa. Kuyambira Januwale mpaka Malichi nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, chimanga chili chodula pamsika. Matenda a nyengo imeneyi ndi amene amachititsa mabanja kugulitsa mbewu yosungira, feteleza kapena mbuzi pamtengo wolira, ndipo umphawi wake umapitirira wodwalayo atachira kale.

Kumene mabanja amapeza thandizo

Thandizo loyamba limachokera kwa achibale, a mpingo kapena a kumzikiti. Pambuyo pake pali banki mkhonde, njira yosunga ndi kubwereketsana ndalama imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Magulu ambiri otere amakhala ndi kathumba kapadera ka matenda ndi maliro. M'chipereganyu, mamembala akhoza kugwirizana kuti wodwala alandire msanga, tsiku lake lisanafike. Aphunzitsi ndi ena apantchito amabwereka ku ma SACCO, amene bungwe lawo lalikulu ndi MUSCCO. Ena ali pa sikimu ya zachipatala monga ya MASM, yomwe imalipira chithandizo koma sibwezera malipiro otayika. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, koma kulembedwa kwake sikuchitika nthawi iliyonse imene munthu wadwala.

Njira yoopsa kwambiri ndi katapila. Chiwongoladzanja chake chimatha kufika theka la ngongole pa mwezi umodzi, ndipo katundu wa pinyolo monga njinga kapena wailesi amapita ngongole ikakanika.

Kayendetsedwe ka ndalama zochepazo

Mwezi woyamba, pamene malipiro akadali athunthu, ndi nthawi yowerengera ndalama za masabata onse 12 ndi kusungako zina. Patsogolo pamakhala chakudya, mankhwala ndi ulendo wa kuchipatala, kenako lendi ndi fizi. Kulankhula msanga ndi mwini nyumba, a kusukulu ndi obwereketsa ndalama kumapereka mpata wogwirizana zolipira pang'onopang'ono. Pakafunika kugulitsa katundu, nkhuku kapena thumba la nyemba zimabwezereka mosavuta kusiyana ndi mbewu, feteleza kapena dimba, zomwe ndizo zidzadyetse banjalo chaka chamawa.