Pakhomo pa nyanja: mmene Chikhristu chidafikira ku Mangochi

Mishoni yoyamba imene idabwera m'dziko muno n'kukhalitsa mpaka lero idayambira m'boma la Mangochi mu 1875. Ansembe a Katolika oyamba kutsekula mishoni m'Malawi adafikiranso m'boma lomweli mu 1889. Nayo sitima yotchuka ya Angilikani, Chauncy Maples, adailumikiza ndi kuilowetsa m'madzi kwa Mponda mu 1901. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a ku Mangochi, oposa 70 ndi Asilamu, pamene m'dziko lonse Asilamu ali pafupifupi 14 mwa 100. Ukafunsa chifukwa chake, ambiri amathamangira kutchula malungo. Malungowo adaphadi azungu, koma chachikulu chidali malo enieniwo ndi anthu amene adali atawagwira kale.

Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira madzi pamodzi pokha. Kummwera idagawika nthambi ziwiri, pakati pake pali mapiri a kwa Nankumba, ndipo mtsinje wa Shire umatuluka kunthambi ya kummawa n'kukalowa m'nyanja ya Malombe. Amalonda ochokera kumadzulo, cha ku Luangwa ndi kupitirira apo, pofuna kukafika ku Kilwa kugombe la Indian Ocean adali ndi njira ziwiri. Akadatha kuwoloka nyanja pa zombo za Jumbe ku Nkhotakota, kapena kuizungulira chakummwera n'kudzawoloka Shire pamene wangotuluka kumene. Mfumu yokhala padooko limenelo sinkasowa nsalu, mfuti ndi onga. Njirayi ndi yakale ndithu. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, adadutsa chigawo chino mu 1616 paulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Nthawi imeneyo n'kuti ansembe a Katolika ali kale ku Sena ndi ku Tete, koma kunyanja kuno sadabzaleko mpingo.

Chapakati pa zaka za m'ma 1800 Ayao ochokera kummawa, dera limene lero ndi Niassa ku Mozambique, adakhazikika pakati pa Anyanja a kuno. Mponda adamanga mudzi wake waukulu kutsidya la kumadzulo kwa Shire, padooko penipeni. Makanjira adagwira gombe la kummawa, pamene Jalasi adakwera m'mapiri a cha ku Namwera. Chuma chawo chidali minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo m'mabwalo awo mudali Aswahili odziwa kulemba makalata ndi kusunga kaundula wa malonda m'zilembo za Chiarabu. Cha m'ma 1870 Makanjira adalowa Chisilamu. Choncho amishoni pofika adapeza chipembedzo china cha buku chitakhala kale pakhomo pa mfumu.

Pali munthu mmodzi amene mabuku a kusukulu samutchula kawirikawiri. David Livingstone, amene adaona nyanjayi koyamba mu Sepitembala 1859, adadzeranso kwa Mponda mu 1866 paulendo wake womaliza. Pagulu lake padali mnyamata Myao, Wikatani, amene adaomboledwa ku ukapolo mu 1861, n'kukaphunzira ku Bombay ku India komwe adabatizidwa pamodzi ndi James Chuma. Atafika kwa Mponda, Wikatani adati wapeza abale ake, ndipo adatsala. N'kutheka kuti Mkhristu wobatizidwa woyamba kumanga banja m'dera la Mangochi adali iyeyu, Myao wobwerera kwawo kudzera ku India, zaka 9 mishoni isadafike.

Livingstone adamwalira mu Meyi 1873 kwa Chitambo, ku Zambia. Ataikidwa ku Westminster Abbey chaka chotsatira, James Stewart wa kusukulu ya Lovedale ku South Africa adapempha mpingo wa Free Church of Scotland kuti utsekule mishoni kunyanja yomukumbukira, ndipo dzina lake likhale Livingstonia. Gulu lidanyamuka ku London mu Meyi 1875. Mtsogoleri adali E.D. Young, msilikali wa pamadzi amene adayendapo kale pa Shire. Mbusa adali mmodzi yekha, Robert Laws wa ku Aberdeen, wa zaka 24, amenenso adali dokotala. Ena onse adali anthu a ntchito zamanja: kalipentala, wosula zitsulo, wokonza injini, mlimi ndi woyendetsa sitima. Padalinso Henry Henderson wa Church of Scotland, amene adatumidwa kudzafuna malo a mishoni ina, ija idadzakhala Blantyre mu 1876.

Adatenga kasitima koyendera nthunzi, kotalika mamita pafupifupi 15, dzina lake Ilala. Adakalumikiza pamathero a Zambezi n'kukwera nako Shire mpaka pamathithi. Apo adakaphwasulanso, ndipo amtengatenga mazanamazana operekedwa ndi mafumu a Makololo adasenza zidutswazo mtunda wa makilomita pafupifupi 100, m'dzuwa la m'chilimwe, osataya ngakhale chitsulo chimodzi. Mayina a anthu amenewa sali pachipilala chilichonse. Sitima idalumikizidwanso kumtunda kwa mathithi, idaima kwa Mponda kupempha malo, ndipo Wikatani uja adawathandiza. Mfumu idavomera. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala idalowa m'nyanja, ndipo patapita masiku ochepa gululo lidakhoma misasa ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe. Dzina la Maclear adalipereka ndi Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town.

Malowo adasankha ndi munthu wa pamadzi, ndipo adasankhira sitima. Zilumba za Thumbi ndi Domwe zimatchinga mafunde, madzi ndi oyera, nkhuni zotenthera injini zidali mbwee m'mapiri. Koma mishoni imafuna anthu, ndipo anthu pamalopo adali ochepa. Nthaka idali yosabereka kwenikweni, ng'ombe zinkafa ndi kashembe, ndipo midzi ikuluikulu idali kutali, m'manja mwa mafumu amene sadaone chosowa chimene mishoni ikadawapatsa. Mponda adalola azunguwo kukhala kumene sakadasokoneza dooko lake. Mfumuyi idadziwa bwino chimene inkachita.

Ntchito idagwirika ndithu. Mu 1876 Laws adachita opaleshoni munthu atamugoneka ndi mankhwala a chloroform, chinthu chimene mbiri yake idawanda gombe lonse. Sukulu idatsekulidwa. Mlimi wa pamishoni, Alexander Riddel, adasonkhanitsa mawu ndi malamulo a Chinyanja cha kunyanja, buku lake n'kusindikizidwa ku Scotland mu 1880, ndipo Laws adayamba kumasulira Chipangano Chatsopano. Mu 1876 momwemo Stewart adabwera ndi anyamata anayi Achixhosa a ku Lovedale: William Koyi, Shadrach Ngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Anthu akamakamba za amishoni amaganiza za azungu okhaokha, chonsecho mmodzi mwa oyamba kufera pantchitoyi adali Ngunana, mphunzitsi wakuda, mu 1877, chaka chomwe adamwaliranso dokotala William Black. Manda awo ali m'nkhalango ya Lake Malawi National Park, pamodzi ndi a John Mackay, John Gunn ndi George Benzie. Nthawi imeneyo padalibe wodziwa kuti malungo amafala ndi udzudzu. Ronald Ross adadzatsimikiza zimenezi mu 1897.

Vuto lina lidali la anthu amene ankabwera pamishoni. Ambiri adali othawa ukapolo, amasiye ndi ena opanda mfumu yowateteza. Pofika 1880 adalipo mazana angapo, ndipo amishoni adapezeka akuweruza milandu ndi kupereka zilango ngati mafumu. Akuluakulu a mpingo ku Scotland adali atawaletsa kulimbana ndi amalonda a akapolo pogwiritsa ntchito mfuti, motero Ilala inkangodutsana ndi zombo panyanja. Kenaka nkhani ya nkhanza za zikwapu pamishoni ya Blantyre itaphulika ku Britain mu 1880, amishoni adalamulidwa kusiya zoweruza anthu. Mudzi wa othawa udalibenso tsogolo.

Pa 27 Malichi 1881 Laws adabatiza munthu woyamba, Albert Namalambe. Nayenso sadali wa pagombe pano. Adachokera kuchigwa cha Shire, pamodzi ndi ana a mafumu a Makololo amene adatumizidwa kusukulu. Chaka chomwecho likulu la mishoni lidasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga, amene pofuna wowatchinjiriza ku nkhondo za Angoni adadzaza sukulu ndi ana. Kuchoka apo lidakwera ku Khondowe mu 1894, komwe ndi ku Livingstonia timadziwa lero. Ku Cape Maclear adasiyako Namalambe kuti aziphunzitsa ndi kulalikira. Pambuyo pake dera limeneli lidaperekedwa kwa amishoni a Dutch Reformed Church amene adayambira ku Mvera mu 1889, n'chifukwa chake mipingo ya CCAP ya cha ku Monkey Bay, monga Malembo, ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma.

Akatolika adabwera panthawi imene Apwitikizi ndi Angerezi ankalimbirana dziko lino. Apwitikizi adaona kuti Angerezi akudzitama ndi mishoni za ku Scotland, ndiye nawonso adafuna yawo kunyanja. Adagwirizana ndi Kadinala Charles Lavigerie, amene adayambitsa chipani cha White Fathers, ndipo pa 28 Disembala 1889 bambo Adolphe Lechaptois, bambo Valentin Heurtebise, bambo Joseph Mercui ndi m'bale Antoine Verkuylen adafika kwa Mponda. Patangopita milungu iwiri, pa 11 Januwale 1890, boma la Britain lidalamula Portugal kuchotsa asilikali ake ku Shire, ndipo Portugal idagonja. Ansembe aja adatsala okha, oimira mbendera imene idali itachotsedwa kale.

Adapeza Mponda wachiwiri ali pankhondo ndi abale ake olimbirana naye ufumu. Chimene mfumu inkafuna kwa alendo ake ndi mfuti ndi onga. Ansembewo adatsekula kasukulu, ankapereka mankhwala, ndipo ankalemba m'buku lawo zonse zochitika pamudzipo tsiku ndi tsiku, buku limene akatswiri a mbiri amalidalira kwambiri pofuna kudziwa moyo wa mudzi wa Chiyao wa nthawi imeneyo. Mu Juni 1891 adalongedza, adakwera sitima kupita kumpoto, n'kukatsekula mishoni ku Mambwe, yomwe ndi chiyambi cha Katolika ku Zambia. M'Malawi Akatolika adadzabweranso mu 1901, a Montfort ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902. Ulendo uno adalunjika kwa Angoni ndi Achewa.

Patangopita miyezi inayi ansembe atachoka, mu Okutobala 1891, Harry Johnston, woimira boma la Britain, adafika ndi kaputeni Cecil Maguire ndi asilikali Achisikh ochokera ku India. Adamanga linga kutsidya kwa Shire moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, n'kuuomba ndi mizinga. Linga limeneli ndilo Fort Johnston, imene idasamukira pamene pali tauni lero mu 1897. Maguire adaphedwa mu Disembala 1891 polimbana ndi anthu a Makanjira, ndipo nkhondo idapitirira mpaka 1895 pamene Jalasi, Mponda ndi Makanjira adagonjetsedwa. Malonda a akapolo adatha, ndipo palibe angadandaule nazo. Koma kwa munthu wa pagombe pano, Baibulo ndi mzinga zidakwera mtsinje umodzi, pa sitima zofanana, ndi anthu a khungu limodzi. Chisilamu chidafala kwambiri nkhondoyi itatha. Mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje ankayenda m'midzi kuphunzitsa Korani, jando lidalowa m'malo a chinamwali chakale cha anyamata, ndipo munthu ankatha kukhala Msilamu osasiya mitala kapena ulemu wa mfumu yake. Popeza sukulu pafupifupi zonse za nthawi ya atsamunda zidali za mipingo, makolo ambiri adakaniza ana awo poopa kuti akabatizidwa. Chilonda chimenechi pa maphunziro a m'bomali chidatenga zaka zambiri osapola.

Amene adakhazikika pamtsinje pompo ndi Angilikani a Universities' Mission to Central Africa, omwe adayesapo ku Magomero mu 1861 n'kulephera. Iwo adabwereranso kudzera kummawa. William Percival Johnson adafika kunyanja mu 1882, ndipo likulu lawo lidamangidwa pa Likoma mu 1885. Johnson adawadziwa bwino mafumu a kuno, chifukwa mu 1888 anthu a Makanjira adamugwira pamodzi ndi John Buchanan, woimira boma la Britain, mpaka adaomboledwa ndi katundu. Katundu yense wa ku Likoma ankadzera pa Shire, motero mishoni idafunika malo kummwera. Bishopu Chauncy Maples adamira panyanja pa 2 Sepitembala 1895 atanyamuka ku Fort Johnston pa boti, ndipo adaikidwa ku Nkhotakota. Chaka chotsatira Angilikani adatsekula siteshoni kwa Mponda.

Sitima yomukumbukira idapangidwa ku Glasgow, n'kubwera m'zidutswa zoposa 3,000. Boila yake, yosatheka kuphwasula, adaikoka pangolo amuna Achingoni 450 kulambalala mathithi. Idalowa m'madzi pa 6 Juni 1901, ndipo inkagwira ntchito ya tchalitchi, sukulu ndi chipatala uku ikuyendera midzi ya m'gombe. Malo okonzera sitima adamangidwa ku Malindi, ndipo mpingo wa kumeneko udakula pozungulira akalipentala, amakaniko ndi mabanja awo. Chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya atsikana ya St Michael's zidamera pamalo omwewo. Tchalitchi cha St Peter ndi St Paul kwa Mponda ndicho kathedulo ya dayosizi ya Upper Shire, imene idakhazikitsidwa mu 2002.

Akatolika adachedwa kudzamanga mpando wa episkopi kuno. Dera la Fort Johnston lidapatulidwa palokha mu 1969, ndipo dayosizi ya Mangochi idakhazikitsidwa mu 1973 ndi episkopi Alessandro Assolari wa chipani cha Montfort, wochokera ku Italy, patatha zaka 82 Lechaptois ndi anzake atachoka kwa Mponda. Ndi m'dayosizi yomweyi, pamakina osindikizira a Montfort ku Balaka, momwe mudatuluka kalata ya maepiskopi imene idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika pa 8 Malichi 1992 n'kugwedeza boma la chipani chimodzi.