Filimu Yakoma, Koma Yakoma Pati?

Ambiri a ife tikaonera filimu, chiweruzo chathu chimathera pa mawu awiri: yakoma kapena yabowa. Wofuna kuonjezera amati ili ndi phunziro, basi nkhani yatha. Ine izi zimandiwawa, chifukwa filimu sapanga munthu mmodzi. Chokoma chilichonse chili ndi mwini wake, cholakwikanso chili ndi mwini wake, ndipo tikasowa mawu otchulira ntchitozi timatamanda kapena kudzudzula munthu wolakwika.

Yekhayo amene tonse timamudziwa ndi ekita. M'mavidiyo shoo a m'matauni mwathu, ekita ndi ngwazi ija imene imamenyedwa mpaka kukomoka koma siifa. Kwa opanga mafilimu, aliyense wosewera ndi ekita, ngakhale uja wosewera ngati mfiti kapena mayi wopeza wankhanza. Munthu wotere mukafika pomuda mumtima, dziwani kuti ntchito yake waigwira bwino. Wosewera ndi wina, munthu wa m'nkhani amene wamuvala ndi winanso.

Ndaoneranso posachedwapa The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Dandaulo la Amalawi ambiri linali Chichewa chake, ndipo n'zoona, chimapweteka khutu. Koma mlanduwo ndi wa yani? Maxwell Simba, amene anasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Chiwetel Ejiofor, amene anasewera ngati a Trywell, bambo ake a William, anabadwira ku London. Kusewera kwawo n'kwabwino: yang'anani nkhope ya bamboyo pamene mwana akumupempha njinga yake yokhayo kuti aiphwasule. Chimene chinapunduka ndi kusankha osewera, ntchito yochitika kamera isanayatsidwe n'komwe. Lily Banda akangotsegula pakamwa ngati Annie, mlongo wake wa William, khutu limapuma, ndipo pamenepo m'pamene umazindikira chimene filimuyi ikanakhala Amalawi akanachuluka m'magawo akuluakulu. Amene ayenera kuyankha ndi dayilekita, mwini chiganizo chomaliza pa chilichonse chooneka ndi chomveka. Pano dayilekitayo ndi Ejiofor yemweyo, amenenso analemba sikiripiti. Ndimamuyamikira posankha kuti anthu a ku Wimbe ayankhule chinenero chawo, koma kulimba mtima kumeneko kunafunika kufika mpaka posankha malilime.

Sikiripiti si nkhani chabe ayi. Ndi kusankha choyamba, chotsatira ndi chosiyidwa. M'filimuyi makina amphepo akangozungulira, madzi amatuluka pachitsime n'kuthirira munda. M'moyo weniweni makina oyamba a William ankayatsa mababu ndi wailesi, zopopa madzi zinabwera pambuyo. Kodi limeneli ndi bodza? Ine ndikuti ayi. Filimu yochokera pa nkhani yoona ili ndi ufulu wopanikiza zaka kuti zikwane m'maola awiri. Filimu yosonyeza zochitika zenizeni, yofunsa eni ake pamaso, ufulu umenewo ilibe. Tikasokoneza mitundu iwiriyi timakangana pachabe.

Pali ntchito ina imene sitimaitchula n'komwe pomwe ndiyo imatigwira mtima: kujambula. Dick Pope, amene anagwira kamera, anaonetsa njala ya 2001 mpaka 2002 popanda kuchulutsa mawu. Kubiriwira kwa pachiyambi kumafwifwa pang'onopang'ono mpaka chilichonse chimasanduka fumbi lofiirira. Kamera ikaima patali, munthu amachepa pakati pa munda wouma. Ikayandikira, timawerenga mantha m'maso. Kenaka zidutswa zonsezo zimapita kwa wodula ndi kulumikiza, amene amasankha kuti chithunzi chikhale nthawi yaitali bwanji. Tikamati filimu ikukoka, kawirikawiri tikunena za munthu ameneyu. Mafilimu athu ambiri amavulala pomwepa: galimoto ikulowa pageti, ikuimikidwa, woyendetsa akutsika, akutseka chitseko, akuyenda mpaka pakhonde, zonsezo tikuonetsedwa pomwe nkhani yaima.

Nanga mawu? Chithunzi chosaoneka bwino anthu amachipirira, koma mphepo ikamaomba m'maikolofoni, kapena nyimbo ikakwirira zoyankhula, amadzuka n'kumapita.

Sindikunyoza phunziro. Tinakula ndi nthano za kumadzulo komanso masewero ngati Tikuferanji, ndipo n'chibadwa chathu kufunsa kuti nkhaniyi ikutiuza chiyani. Koma phunziro lokha silipanga filimu, apo ayi ulaliki uliwonse ukanakhala filimu. Shemu Joyah, amene anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, sanapate mphotho ya Africa Magic mu 2018 chifukwa cha uphungu wokha. Joyce Mhango Chavula anali atalandira kale mphotho yomweyo mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe. Oweruza kumeneko amayang'ana kalembedwe, kajambulidwe, kamvekedwe ndi kaseweredwe, chilichonse pachokha. Mnyamata amene akujambula filimu yake yoyamba ku Ndirande ukamuuza kuti yabowa, alibe pogwira. Ukamuuza kuti nkhani njabwino koma mawu sakumveka ndipo gawo la pamaliro latalika, mawa akabwereka maikolofoni yabwinopo n'kukhala pansi kudula.